Intaneti ya pakhomo: yesani kaye musanataye ndalama

Usipa ukauma pathandala ku Kande kapena ku Chintheche, mtengo wake sudikira munthu. Wogulitsa amajambula nsombazo n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp kwa kasitomala wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Chithunzicho chikangozungulirazungulira osapita, kasitomala amakaoda kwa wina, ndipo phindu la tsikulo lapita.

N'chifukwa chake amalonda ena agula rauta kapena MiFi yoika pakhomo. Koma dandaulo ndi limodzi: rauta yomweyo, bandulo yomweyo, m'mawa ikuthamanga, madzulo ikukwawa. Vuto lili pati?

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Bandulo ndi kuchuluka kwa deta imene mwagula, monga madzi a mumgolo. Liwiro ndi kukula kwa paipi yotulutsira madziwo. Mutha kukhala ndi 50GB koma paipi ili yaing'ono. Liwiro amaliyeza mu Mbps, ndipo 8 Mbps ndiyo imatsitsa 1MB pa sekondi imodzi. Kanema wa 10MB woonetsa katundu amatenga masekondi 10 pa 8 Mbps, koma pa 1 Mbps amatenga masekondi 80. Nambala imene imalembedwa pa chikwangwani kapena pa bokosi la rauta ndi liwiro lapamwamba zedi pamene zonse zili bwino, osati la tsiku ndi tsiku.

Rauta yokhala ndi simu ya Airtel kapena TNM imakoka intaneti pa nsanja yomwe mafoni onse a m'deralo amakokapo. Zili ngati pamjigo: mukafika nokha ndowa imadzaza msanga, mukapeza mzere mudikira. Kukada, anthu akaweruka n'kuyamba kuonera mpira ndi makanema, liwiro la aliyense limatsika. Tsiku la msika nalo limachita chimodzimodzi pamalo ochitira malonda.

Malo amene nyumba yanu ili nawonso ali ndi mbali. M'mbali mwa msewu wa M5, umene umadutsa pa Kande, Chintheche ndi Mpamba, munthu woyandikira nsanja amapeza 4G yolimba kuposa amene ali kuseri kwa chitunda kapena pakati pa mitengo yowirira. Ku Usisya, kumene mapiri atsekereza kumadzulo ndipo nyanja ili kum'mawa, kusuntha pang'ono kungasinthe zinthu. Netiweki ikafooka, rauta imatsikira yokha pa 3G osakuuzani. Malata ndi zipupa za njerwa nazo zimatchinga.

Palinso zifukwa zimene simungazione muli pakhomo. Magetsi a ESCOM akazima, nsanja imadalira mabatire kapena jenereta, ndipo izi zikalephera mafoni amathamangira ku nsanja ina yakutali. Komanso Malawi alibe doko la kunyanja ya mchere, choncho intaneti yathu imadzera m'zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique. Chingwe chikaduka kumeneko, kuchedwa kumafika mpaka pa Mpamba.

Nanga wamalonda achite chiyani?

Musanagule rauta, yesani simu za makampani onse awiri pa foni muli pakhomo panu penipeni, osati pa shopu ya wogulitsa. Tsegulani fast.com m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku atatu, muzilemba manambala m'kope la malonda. Kuyezako kumadya deta, ndiye musabwerezebwereze. Yambani ndi bandulo yaing'ono. Ya mwezi mugule mutakhutira.

Dziwaninso kuti liwiro lotsitsira zinthu limasiyana ndi lotumizira, ndipo lotumizira kawirikawiri limakhala lochepa. Inu ogulitsa nsomba, mpunga kapena ufa wa kondowole mumatumiza zithunzi, choncho chiyeso chabwino ndi kutumiza kanema wamfupi kwa mnzanu n'kuwerenga masekondi.

Rauta muiike pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana ku nsanja, osati pansi pa kauntala pakati pa matumba. Zithunzi ndi mitengo ya katundu tumizani m'mamawa anthu asanachuluke. Chithunzi chimodzi chooneka bwino chimapita msanga kuposa kanema wautali. Muziona kuti ndi mafoni angati alumikizidwa: mwana mmodzi woonera YouTube angathe kutsamwitsa malonda a nyumba yonse. Nambala yachinsinsi ya Wi-Fi muziisintha pafupipafupi, chifukwa ikangofika kwa mnansi mmodzi yafika mudzi wonse. Funsaninso wogulitsa ngati bandulo imene akuti ndi yopanda malire imachepetsedwa liwiro mukafika pa mlingo wina.

Pa nkhani ya ndalama, musamudikiritse kasitomala chifukwa intaneti yafooka. *211# ya Airtel Money ndi *444# ya TNM Mpamba sizifuna deta. Bola foni ikhale ndi netiweki yoimbira. Ndipo katundu musapereke chifukwa cha chithunzi cha risiti chimene munthu wakuonetsani. Onani kaye ngati ndalama yalowa mu akaunti yanu.

Ena akuyang'ana ku Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023. Iyo sidalira nsanja, choncho ingathandize malo ngati Usisya, koma imafuna magetsi odalirika, kumwamba kopanda mitengo, ndalama yogulira zida komanso ya mwezi ndi mwezi. Mvula yamphamvu imaichedwetsanso. Kwa wogulitsa pa benchi, pokhapokha mutasonkherana angapo, masamu ake ndi ovuta.

Ngati mwalipira koma intaneti sikuyenda masiku ambiri, kadandauleni ku kampani muli ndi manambala a m'kope aja, ndipo musunge nambala ya dandaulo lanu. Zikakanika, bungwe la MACRA ndilo limayang'anira makampaniwa ndipo limalandira madandaulo a ogula.

Nsomba simuoda musanaione ndi kuinunkhiza. Intaneti nayonso ndi katundu: iyeseni pamalo panu, pa nthawi imene mumachita malonda, kenako mutulutse ndalama.