Chiwindi, Shuga ndi Mafuta a M'magazi

Chiwindi ndi chiwalo chosadandaula msanga. Chimakhala kudzanja lamanja pansi pa nthiti, chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chikhoza kumaonongeka kwa zaka zambiri mwini wake akulima ndi kuyenda bwinobwino. Kawirikawiri vuto limaululika pamene magazi apimidwa kuchipatala chachikulu, adokotala n'kunena kuti ALT kapena GGT yakwera. Amenewa ndi maina a timichere togwira ntchito m'kati mwa chiwindi. Chikavulala, timichereto timatayikira m'magazi.

Anthu ambiri akamva zimenezi amathamangira kuganiza za kachasu. Mowa umaononga chiwindi ndithu, monganso kachilombo ka hepatitis B, mankhwala ena a chifuwa chachikulu, ndi chuku cha pa mtedza kapena chimanga chosauma bwino. Koma alipo amayi ndi abambo amene sanalawepo mowa chibadwire, komabe chiwindi chawo n'chodzala mafuta. Dr Jurgen Ludwig ndi anzake a ku Mayo Clinic ku America analongosola nthenda imeneyi m'chaka cha 1980.

Gwero lake lili pa insulini, madzi ochokera m'kapamba amene amalowetsa shuga m'minofu. Munthu akanenepa kwambiri, makamaka pamimba, thupi limayamba kusamvera insulini. Chiwindi, chomwe ndi nkhokwe yosunga shuga ndi kumtulutsa pa nthawi ya njala, chimangomtulutsabe ngakhale m'magazi ali kale wambiri. Shuga wotsala chimamsandutsa mafuta. Ena amakhala m'chiwindi momwemo n'kuchitupitsa, ena amapita m'magazi, ndipo cholesterol yabwino, yotchedwa HDL, imatsika. Ndiye chifukwa chake kukwera kwa ALT kumayenda pamodzi ndi matenda a shuga, nthawi zina kumawatsogolera ndi zaka.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri a odwala otere sawapha chiwindicho ayi. Amafa ndi matenda a mtima kapena sitiroko. Choncho wouzidwa kuti timichere takwera ayenera kupempha kuti amuyezenso shuga m'mawa asanadye kanthu, mafuta a m'magazi, kuthamanga kwa magazi ndi hepatitis B. Shuga wa m'mawa akafika pa 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL, pa miyeso iwiri, amenewo ndi matenda a shuga.

Mafuta a m'chiwindi amachoka ngati chisanaume ndi zipsera. Munthu wa makilogalamu 80 akatsitsa makilogalamu 6 kapena 8 pang'onopang'ono, chiwindi chimapepukidwa kwambiri. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tiyi wa masupuni anayi a shuga, mandasi ndi tchipisi n'zofunika kuzichepetsa. Nsima ya mgaiwa yapakatikati, nyemba, usipa ndi masamba ambiri zilowe m'malo mwake. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandiza ngakhale sikelo isanasinthe. Mankhwala azitsamba omwe amagulitsidwa pamsika ponena kuti amatsuka chiwindi ndi oyenera kuwapewa, pakuti ena mwa iwo ndiwo amakweza timichere tomweto.