Tisafulumire kumutcha Gabadinho mwana wa ku Dambe

Masiku ano kavidiyo kamodzi ndi kokwanira kuti mnyamata atchuke. Wina ajambula chigoli pa bonanza ya kumudzi, aponya pa Facebook, basi masapota tayamba kulamula kuti Bullets kapena Manoma amutenge mawa lomwe. Ine ndimati tidekhe kaye, makamaka mwanayo akakhala wa dera ngati Dambe ku Neno.

Dambe ndi kumapiri, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo mvula ikagwa msewu umavuta. Anthu osaka luso amakonda mabwalo a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Choncho mwana wa kwa mfumu yaikulu Dambe atha kumwetsa zigoli chaka chonse popanda kochi wa timu yaikulu kumuona. Akapeza mwayi wokayesedwa m'tauni, thiransipoti imachokera ku mbatatesi za makolo, ndipo amamuonera masiku ochepa chabe. Akadwala malungo sabata imeneyo, zake zada.

Ngakhale kwa akatswiri, mpira sulonjeza kanthu. Mu Januwale 2022 Gabadinho Mhango adathira Morocco chigoli chochokera kutali ku Afcon, ambiri nkumati ulendo wa ku Ulaya wapsa. Koma chaka chomwecho adachoka ku Orlando Pirates kupita ku AmaZulu, komweko ku Joni. Mbali inayi, Temwa Chawinga wa ku Rumphi adadzera ku Sweden ndi China, ndipo mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current. Ndani akadalosera zimenezi ali kamtsikana?

Ku America, osewera ambiri amadzera m'makoleji, komwe luso limawalipirira fizi koma kalasi sathawa. Kuno akademe ya Ascent Soccer ku Lilongwe imaphatikizanso mpira ndi maphunziro, ndipo Rose Kabzere, yemwe adapita ku Montpellier ku France mu 2024, adadzera kumeneko. Koma malo otere ndi ochepa.

Chomwe chimandiopsa n'choti matamando athu amatha kumuchotsa mwana m'kalasi. Akasiya Fomu 3 chifukwa tamuuza kuti ndi dolo, kenako bondo nkuthyoka, ife timangosamukira ku kavidiyo kena. Iye amatsala alibe timu, alibe MSCE.

Ngati tikuwafuniradi zabwino ana a ku Dambe, phokoso lathu lipite kwa a FAM ndi matimu kuti azifika kumeneko kukaonera mipikisano ya m'masukulu. Mwanayo timuombere m'manja akagoletsa, koma Lolemba apite kusukulu.