Tikuwerenga Ciani ku Luangwa? Mabuku Oyenera Kubwerekana

Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi timamva kawirikawiri mau akuti anthu a masiku ano analeka kuwerenga. Ife tikamayenda m'mipingo ya m'boma lino la Luangwa timaona kuti mau amenewa ndi oona mbali imodzi cabe. Anthu akuwerenga ndithu, mwina kuposa kale. Cimene casintha ndi zinthu zimene akuwerengazo, ndi utali wa nthawi imene amakhala nazo.

Mmene tikuwerengera masiku ano

Owerenga athu tingawaike m'magulu atatu. Gulu lalikulu ndi la owerenga pa foni: mauthenga a pa WhatsApp, nkhani za pa Facebook, vesi la m'mawa limene wina watumiza ku gulu la kwaya. Izi zimawerengedwa mothamanga, cifukwa bandulo imatha ndipo batire limafuna kusungidwa. Gulu laciwiri ndi la ana a sukulu, amene amagwira manotsi ndi mapepala a mayeso akale mayeso akayandikira, ndipo akalemba amaika zonse pansi. Gulu lacitatu ndi laling'ono: aphunzitsi opuma pa nchito, akulu a mpingo, amai ena a m'magulu a mapemphero ndi acinyamata owerengeka, amene amayamba buku pa tsamba loyamba mpaka kulitsiriza, kenaka nkufunsa mnzao ngati ali ndi lina.

Gulu lacitatuli ndi locepa pa zifukwa zodziwika. Masitolo akulu a mabuku ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300 kucokera ku Feira. Msodzi kapena woluka mphasa akagulitsa katundu wake, ndalama imayamba kupita ku unga ndi yunifomu ya ana. Buku likapezeka, ciswe ndi mphemvu zimaliyembekezera. Ndipo usiku nyali ya sola imakhala imodzi nyumba yonse.

Komabe nkhaniyi si yoileka. Kucokera mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, ana ambiri analowa m'makalasi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga. Mwana amene kunyumba kwao kulibe cowerenga amaiwala pa holide zimene anaphunzira. Akakula amabvutika kutsatira kalata ya ngongole, malangizo a mankhwala a ku cipatala kapena cikalata ca malo, ndipo amasaina zimene sanazimvetse. Uthenga wa mizere itatu suphunzitsa munthu kutsatira mfundo yaitali kufikira mapeto ake. Buku ndilo limaphunzitsa zimenezo, pang'onopang'ono, monga akulu ananena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Munthu amadekha pa buku ngati akudzionamo. Ncifukwa cake mabuku amene tikuchula pano tayamba ndi olankhula za kwathu.

Buku lobadwira m'cigwa cathu

Acinyamata ambiri sadziwa kuti mmodzi wa alembi odziwika a dziko la Zambia ndi mwana wa kuno. Malemu a Dominic Mulaisho anabadwira ku Feira mu 1933, ndipo pambuyo pake anatsogolera Bank of Zambia kucokera mu 1992 kufikira mu 1995. Anamwalira mu 2013. Buku lao loyamba, The Tongue of the Dumb, linatuluka mu 1971 m'gulu la mabuku a African Writers Series, gulu lomwelo muli Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria.

Nkhani yake imacitika m'cigwa ca Kaunga, pakati pa Ansenga, nthawi ya atsamunda. Muli Mfumu Mpona, ndi nduna yake Lubinda amene mtima wake uli pa ufumu. Muli mai wamasiye Natombi ndi mwana wake Mwape wosalankhula. Muli amishoni amene akufuna kuti ana apite ku sukulu. Masoka akagwa pamudzi, anthu amafunafuna wowaloza, ndipo wofuna mpando amapezerapo mpata. Wowerenga wa kuno sasowa womufotokozera zimenezi, pakuti kunamizirana ufiti kukali kupasula mabanja m'midzi mwathu. Bukuli ndi la Cingerezi, koma mwana wa Giredi 10 angathe kuliwerenga ndi kumasulirako agogo ake. Buku lao laciwiri, The Smoke That Thunders, la mu 1979, likunena za nthawi yomenyera ufulu wodzilamulira.

Mabuku a Cinyanja

Amene amaganiza kuti m'Cinyanja mulibe cowerenga kupatula mabuku a sukulu ayambe ndi Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ku Malawi. Linatuluka mu 1933 ndipo linalandira mphoto pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa. Likutsatira moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wobvuta, ulendo wake wokafuna nchito kutali, kufikira atakhala mfumu ya mudzi. Makolo amene ali ndi mwana wosamva adzaona kuti nkhawa yao inayamba kale. A Ntara omwewo analembanso Mbiri ya Acewa.

Kukula ndi Mwambo, la a John Gwengwe, likulongosola mmene mwana ankaleredwera pamudzi, ndipo ndi lothandiza kwa alangizi a maukwati ndi a acinyamata, ngakhale kuti si mwambo uliwonse wolembedwamo umene tingaubwezere lero. Nzeru za Kale, la a Stevenson Kumakanga, ndi la miyambi ndi matanthauzo ake. Ndi labwino kuyambira nalo cifukwa mungawerenge tsamba limodzi nkuleka osataya kanthu. Maliro ndi Miyambo ya Acewa, la a Makumbi, limathandiza akulu a mpingo kumvetsa kumene zina zimene timakangana pa maliro zinacokera.

Acikulire akukumbukira nthano za a Julius Chongo pa pulogalamu ya wailesi ya Poceza m'Madzulo. Zina mwa nthanozo zinalembedwa m'buku la dzina lomwelo ndi a Ernst Wendland, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku sukulu ya abusa ya Lutheran ku Lusaka. Zimakoma kwambiri zikawerengedwa mokweza, pakuti zinapangidwira khutu.

Ulendo wa Mkristu ndi kumasulira kwa buku la John Bunyan la mu 1678. Makope ake akale akali m'mabokosi a akulu ena a mpingo, ndipo ana amalikonda cifukwa muli ulendo, zoopsa ndi adani.

Baibulo la mau omveka

Buku limene limapezeka m'nyumba zambiri kuposa ena onse ndi Baibulo, koma ambiri timaliwerenga ngati uthenga wa pa foni, vesi limodzi apa, lina apo. Owerenga okhwima amalangiza kutenga buku limodzi lathunthu, monga Rute, Yona kapena Marko, ndi kuliwerenga monga nkhani. Buku Lopatulika linatsirizidwa mu 1922, ndipo mau ake ena ndi akale moti acinyamata amakhumudwa nao. Buku Loyera, la mu 1998, linamasuliridwa m'cinenero ca masiku ano. Kuika awiriwa pafupi ndi kufananiza ndime imodzi kumatsegula zambiri. Kwa olankhula Cinsenga, Cipangano Catsopano comasuliridwa mwatsopano cinatuluka mu 2016. Amene ali ndi foni yaikulu angathe kutsitsa Baibulo la Cinyanja kamodzi nkumaliwerenga popanda intaneti.

Ena a Cingerezi

Amai amene amakwera ndi nsomba zouma kupita ku misika ya ku Lusaka adzadziona mu A Cowrie of Hope, la a Binwell Sinyangwe, la mu 2000. Ndi nkhani ya mai wamasiye amene ananyamula thumba la nyemba kupita nalo ku Lusaka kuti apeze ndalama za sukulu ya mwana wake wamkazi, nkukumana ndi wacinyengo. Ndi buku lalifupi, la Cingerezi cosabvuta. Patchwork, la a Ellen Banda-Aaku, la mu 2011, likunena za mtsikana wokulira mu Lusaka amene atate ake ali ndi banja lina. Makolo ayambe aliwerenga okha asanapatse ana ang'ono. Ofuna mbiri ya dziko afune Zambia Shall Be Free, la a Kenneth Kaunda, la mu 1962.

Tingawapeze bwanji?

Mabuku ambiri amene tachulawa ndi akale, ndipo ena sapezeka msanga m'masitolo. Koma makope alipo, atsekeredwa m'makabati a masukulu, m'masutukesi a aphunzitsi opuma ndi kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu ya Lusaka. Buku limodzi logona m'sutukesi silithandiza munthu, koma likayenda m'manja khumi lakhala laibulale. Tikupempha mpingo uliwonse kuganizira zinthu izi:

Coyamba, pezani cidebe ca pulasitiki cokhala ndi cibvundikiro colimba, ciikidwe pa thebulo osati pansi, kuti ciswe cisafike. Banja lililonse limene lingathe libweretse buku limodzi, dzina la mwini lilembedwe m'kati.

Caciwiri, sankhani munthu mmodzi wosunga kabuku kolembamo obwereka. Buku libwerekedwe pa Sondo ndi kubwezedwa patapita masabata awiri. Kubwerekana kumafa pamene buku lapita osabwerera, conco wobwereka adziwe kuti pali wina amene akuliyembekezera.

Cacitatu, amene akupita ku Lusaka atumidwe buku limodzi pa ndalama zimene gulu lasonkha, monga timatumirana mankhwala kapena mbeu.

Cacinai, werengani mokweza pakhomo. Mphindi 15 dzuwa lisanalowe sizifuna nyali. Mwana awerenge, agogo amvetsere ndi kukonza pamene mwambi wapotozedwa. Motero amene sanapite ku sukulu sasiyidwa kunja, ndipo mwana amadziwa kuti kuwerenga kwake kuli ndi nchito pabanja. Kwa ana ang'ono, pa intaneti pali nthano zaulere za Cinyanja za African Storybook, zimene mphunzitsi wa Sande sukulu angatsitse pa foni.

Mtumwi Paulo ali m'ndende anapempha Timoteo kuti amubweretsere mabuku ake, monga tiwerenga pa 2 Timoteo 4:13. Nafenso tisacite manyazi kupempha buku kwa mnzathu. Ngati muli ndi kope la The Tongue of the Dumb, Nthondo kapena lina lililonse limene linakuthandizani, uzani alembi a mpingo wanu dzina lake ndi cifukwa cimene mukulikondera. Tidzasonkhanitsa maina amenewo ndi kuwafalitsa, kuti wa kwa Mphuka adziwe buku limene lili kwa Mburuma. Ambuye akudalitseni nonse.