Sopo wa Mafuta a Mpendadzuwa

Alimi ambiri ku Katete, Sinda ndi Vubwi amalima mpendadzuwa. Njere zake amayenga mafuta ophikira. Mafuta omwewa amapangira sopo.

Nchito imeneyi ndi ya akuluakulu. Coyamba amavala magolovesi. Kenaka amathira soda wa sopo m'madzi pang'onopang'ono. Madziwo amatentha okha popanda moto! Akazizira, amawasakaniza ndi mafuta m'beseni lapulasitiki. Amatakasa mpaka zitalimba ngati phala, ndipo amazithira m'kabokosi. Pakapita masiku 2, amadula zidutswa. Sopoyo amauma masabata 4 asanayambe kucapira.

Ana inu, cenjerani! Soda ameneyu si wophikira therere ai. Amaocha khungu ndi maso. Akakudontherani, sambani ndi madzi ambiri, ndipo itanani wamkulu msanga.