Mizinga ya maroketi yoyenda pa galimoto: chida choomba n'kuthawa pa nkhondo za makono

Pakati pa zida zomwe zamveka kwambiri pa nkhondo za makono pali mizinga ya maroketi yomwe imamangidwa pamsana pa galimoto. Chidachi chimaponya mabomba ochuluka m'kanthawi kochepa, kenaka n'kuchoka pamalopo adani asanabweze moto.

Kuyambira pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kufikira pa nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine, mbiri ikuonetsa kuti mphamvu ya chidachi sigona pa kukula kwa bomba kokha ayi. Imagona pa zinthu zitatu: changu cha galimoto yochinyamula, uthenga wolondola wa komwe kuli mdani, komanso kayendetsedwe ka maroketi kuchoka ku nkhokwe kufika kumalo omenyera nkhondo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mzingawo umasanduka lole wamba, apo ayi umagwetsa mabomba pa anthu osalakwa.

Kusiyana kwake ndi mzinga wamba

Mzinga wamba uli ngati mfuti yaikulu. Wonga umaphulika m'kati mwa mpope wachitsulo n'kukankha bomba kamodzi kokha. Pa chifukwachi mpopewo umayenera kukhala wochindikala ndi wolemera, ndipo mzinga wonse umadzuka chambuyo ukaomba.

Roketi imanyamula wonga wakewake womwe umayaka n'kumaikankha ikamatuluka. Mpope wake ntchito yake ndi kungoilozera kolowera, choncho ndi wopepuka, ndipo mipope yambiri itha kumangidwa pamodzi pa lole imodzi. Apa ndiye pagona phindu lake: zomwe mizinga wamba ingaponye m'mphindi zingapo, lole imodzi imaponya m'masekondi ochepa, adani asanapeze mpata wolowa m'maenje obisalamo.

Koma chidachi chili ndi zofooka zake. Roketi yopanda makina oiwongolera imatengeka ndi mphepo, motero maroketi oponyedwa pamodzi amagwa chobalalika pa dera lalikulu. Moto, utsi ndi fumbi zomwe zimabuka poomba zimaulula pomwe mzingawo uli. Asilikali alinso ndi makina a rada omwe amaona roketi ili m'mwamba n'kuwerengera komwe yachokera. N'chifukwa chake lamulo loyamba kwa oyendetsa chidachi ndi lakuti akaomba asachedwe pamalopo.

Katyusha ndi Grad

Dziko la Soviet Union ndi lomwe lidatchukitsa chidachi. Pa 14 Julayi 1941, gulu la asilikali lotsogoleredwa ndi Kaputeni Ivan Flerov lidaomba asilikali a Germany ku Orsha, m'dziko lomwe lero ndi Belarus, pogwiritsa ntchito mizinga ya BM-13 yomwe asilikali adaipatsa dzina loti Katyusha. Lole iliyonse inkanyamula maroketi 16 omwe ankafika mtunda wa makilomita oposa 8. Kamba ka kulira kwa maroketiwo, asilikali a Germany adautcha mzingawo limba la Stalin.

Mu 1963 dzikolo lidabweretsa mzinga wa BM-21, wodziwika ndi dzina loti Grad, mawu a Chirasha otanthauza matalala. Mzingawu uli ndi mipope 40 ya mamilimita 122, umatha maroketi onse m'masekondi 20, ndipo maroketi ake oyambirira ankafika pafupifupi makilomita 20. Udaomba koyamba pa nkhondo mu Malichi 1969, pamene asilikali a Soviet Union ndi a China adalimbana pa mtsinje wa Ussuri. Kuchokera apo udagulitsidwa ndi kukoperedwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa.

Masamu a Grad amaonetsa bwino vuto la kayendetsedwe ka katundu. Roketi imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 66. Gulu la malole 18 likaomba pamodzi limaponya maroketi 720, omwe kulemera kwake ndi pafupifupi matani 48, ndipo onsewo amatha m'masekondi 20 okha. Kuti gululo liombenso, katundu wina wochuluka chomwecho ayenera kutsika m'sitima ya pamtunda, kukwera m'malole, kudutsa pa milatho, kenaka kulongedwa m'mipope ndi manja, ntchito yomwe imatenga mphindi pafupifupi 10 pa mzinga uliwonse.

Phunziro la ku Angola

Chigawo cha kum'mwera kwa Africa chidaona mphamvu ya chidachi pa 10 Novembala 1975 ku Quifangondo, kumpoto kwa mzinda wa Luanda. Asilikali a gulu la FNLA la Holden Roberto, mothandizidwa ndi a Zaire komanso mizinga ya South Africa, ankafuna kulanda mzindawo tsiku la ufulu wodzilamulira lisanafike. Njira yawo idali msewu umodzi wodutsa m'dambo pafupi ndi mtsinje wa Bengo.

Asilikali a MPLA ndi anzawo a ku Cuba adawathira maroketi a Grad ali pamsewupo, pomwe padalibe kopatukira. Gulu la FNLA lidabalalika, ndipo pa 11 Novembala Agostinho Neto wa MPLA adalengeza ufulu wa Angola ali mu Luanda. Apa roketi yosalondola idakwanira, kamba koti adani adaunjikana pamalo amodzi odziwika.

Dziko la South Africa lidatengapo phunziro ndipo lidapanga mzinga wakewake wotchedwa Valkiri, wa mipope 24, womwe udayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Pa nkhondo za m'dera la Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988, mbali zonse ziwiri zidali ndi mizinga ya maroketi.

Kuchoka pa kumwaza kufika pa kulondola

Dziko la United States lidayamba ndi nzeru yomweyo yomwaza mabomba pa dera lalikulu. Mzinga wake wa M270, woyenda pa unyolo ngati kasinja, udalowa ntchito mu 1983 ndipo umanyamula maroketi 12. Roketi iliyonse ya mtundu woyamba inkasweka m'mwamba n'kumwaza timabomba 644, kutanthauza timabomba 7,728 pa kuomba kumodzi. Asilikali a United States ndi Britain adaugwiritsa ntchito polimbana ndi Iraq mu 1991.

Kusintha kwakukulu kudadza pamene roketi idaikidwa makina oiwongolera pogwiritsa ntchito setilaiti za GPS. Roketi yotere, yotchedwa GMLRS, idayamba kugwira ntchito ku Iraq mu 2005. Imafika makilomita oposa 70 ndipo imagwa pa mamita ochepa kuchokera pomwe yalozedwa. Kampani ya Lockheed Martin idapanganso mzinga wopepuka wotchedwa HIMARS, womwe ndi lole ya matayala 6, yoyendetsedwa ndi asilikali atatu, yonyamula maroketi 6 m'bokosi limodzi. Bokosilo likatha limatsitsidwa lonse ndi makina a pa lole yomweyo n'kukwezapo lina. M'malo mwa maroketi 6, loleyo ithanso kunyamula mzinga umodzi wa ATACMS wofika makilomita 300.

Ndi roketi yolondola, ntchito ya chidachi idasintha. M'malo moponya maroketi mazanamazana pa dera lonse, asilikali amaponya ochepa pa nyumba imodzi kapena mlatho umodzi. Komabe roketi imodzi ya GMLRS imagulidwa pa mtengo woposa madola 100,000 a ku United States, ndipo singapite pomwe siidauzidwe. Popanda akazitape, setilaiti kapena ndege zouluka popanda munthu m'kati, zotchedwa ma drone, kulondola kwake kulibe ntchito.

Zomwe zidachitika ku Kherson

Mizinga yoyamba ya HIMARS idafika ku Ukraine mu Juni 2022, patatha miyezi inayi Russia italowa m'dzikolo ndi nkhondo yaikulu. Pa nthawiyo asilikali a Russia ankaponya mabomba ochuluka kuposa a Ukraine. Mabombawo ankabwera pa njanji n'kusungidwa m'nkhokwe zikuluzikulu zomwe mizinga yakale ya Ukraine sinkazifikira.

Ukraine sidalimbane ndi mizinga ya Russia umodziumodzi. Idalunjika pa nkhokwezo, malikulu a akuluakulu a asilikali ndi milatho. Pa 11 Julayi 2022 nkhokwe ya zida ku Nova Kakhovka idaphulitsidwa. Mwezi womwewo maroketi adayamba kuboola mlatho wa Antonivskyi, womwe asilikali a Russia a kutsidya la kuzambwe kwa mtsinje wa Dnipro ankadalira polandira chakudya, mafuta ndi zipolopolo. Mlathowo sudagwe ndi maroketiwo, koma mabowo ake adaletsa malole olemera kudutsa. Russia idalengeza zochotsa asilikali ake kutsidyalo pa 9 Novembala, ndipo pa 11 Novembala 2022 asilikali a Ukraine adalowa mumzinda wa Kherson.

Kufunika kwa uthenga kudaonekeranso ku Makiivka usiku wolowa chaka cha 2023, pamene maroketi a HIMARS adagwera nyumba ya sukulu ya ntchito zamanja momwe munkagona asilikali a Russia. Unduna wa zachitetezo wa Russia udavomera kuti asilikali 89 adafa, ndipo udati malowo adadziwika kamba koti asilikaliwo ankagwiritsa ntchito foni za m'manja ngakhale zidali zoletsedwa.

Mdani naye amaphunzira

Kupambana kwa mu 2022 sikudakhalitse pa mlingo womwewo. Russia idasamutsira nkhokwe zake kutali komwe maroketi a GMLRS sakadafika, ndipo zina idazigawa kukhala zing'onozing'ono. Izi zidachedwetsa katundu wake, koma zidachepetsa malo oyenera kuwonongerapo roketi yodula. Pofika 2023 Russia idalimbikitsanso makina osokoneza mauthenga a GPS, zomwe zidachititsa kuti maroketi ena aziphonya.

Ma drone nawo adachepetsa chitetezo chomwe chidachi chinkapeza pothawa. Rada imaona pomwe roketi yachokera, pamene drone imatha kutsatira loleyo mpaka komwe ikukabisala. Ukraine idayankha popanga mizinga yabodza yamatabwa ndi ina yopopa mpweya kuti adani aziwonongerapo zida zawo, komabe mu 2024 zithunzi za kanema zidaonetsa mizinga ina ya HIMARS itawonongedwa. Izi zikutsimikiza kuti chida chatsopano chimapereka mwayi wa miyezi yowerengeka, ndipo wopindula ndi yemwe wakonzeka kugwiritsa ntchito miyezi imeneyo.

Anthu wamba ndi malamulo

Maroketi ambiri omwe amaponyedwa pa nkhondo akadali a mtundu wosalondola kamba koti ndi otsika mtengo. Chida chomwe chidapangidwira kumwaza mabomba pa asilikali ali patchire chikalozedwa mumzinda, sichisiyanitsa msilikali ndi mwana wa sukulu. Pa 24 Januwale 2015 maroketi a Grad ndi a mtundu wina wotchedwa Uragan adagwera dera lokhala anthu mumzinda wa Mariupol ku Ukraine, ndipo anthu pafupifupi 30 adafa.

Pa nkhondo ya masiku 34 ya mu 2006, gulu la Hezbollah lidaponya maroketi pafupifupi 4,000 kumpoto kwa Israel. Israel nayo idamwaza timabomba kum'mwera kwa Lebanon, tina kudzera m'maroketi. Bungwe la United Nations lidati timabombato tidafika pafupifupi 4 miliyoni, ndipo tofika 1 miliyoni sitidaphulike. Totsalato tidapitiriza kupha ndi kuvulaza alimi ndi ana nkhondo itatha kale.

Zimenezi zidafulumizitsa pangano loletsa mabomba omwaza timabomba, lomwe lidavomerezedwa ku Dublin mu Meyi 2008, kusainidwa ku Oslo mu Disembala chaka chomwecho, n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2010. Maiko a mu Africa adakumana ku Livingstone m'dziko la Zambia mu 2008 pokonzekera zokambiranazo. Malawi ndi Zambia adatsimikiza panganoli mu 2009, ndipo msonkhano wachinayi wa maiko a m'panganoli udachitikira ku Lusaka mu Sepitembala 2013. Maiko a United States, Russia, China, Israel ndi Ukraine sadalowe m'panganoli, pamene Lithuania idatulukamo mu 2025 ponena kuti ikuopa chiopsezo chochokera ku Russia.

Panganoli silidaletse mizinga ya maroketi yeniyeniyo. Chomwe chimaimanga ndi lamulo la mu 1977, loonjezera pa mapangano a ku Geneva, lomwe limaletsa kuomba mosasiyanitsa asilikali ndi anthu wamba. Mu Novembala 2022 maiko 83 adagwirizananso ku Dublin zochepetsa kugwiritsa ntchito zida zophulika m'madera okhala anthu ambiri, ngakhale kuti mgwirizano umenewu ndi lonjezo la ndale chabe, lopanda chilango kwa woliphwanya.

Choncho boma lomwe likugula chidachi limagula zambiri kuposa lole ndi mipope. Limadzimangirira pa kugula maroketi chaka ndi chaka, kumanga nkhokwe zotetezeka, kuphunzitsa asilikali ofufuza komwe kuli mdani, komanso kuyankha pa malamulo a nkhondo pa roketi iliyonse yomwe yagwa pomwe simayenera kugwa.