Tikiti ya Belo: Mmene Lexer ndi Parser Zimamvanirana

Kwathu ku Santhe belo la fodya silipita ku okushoni ku Chinkhoma lopanda tikiti. Ngati mlimi ndi kalaliki wa kumsika amawerenga tikitiyo mosiyana, ndalama zimasokonekera. Vuto lomweli limapezeka tikafuna kuti kompyuta izisanthula ziganizo za Chichewa.

Ntchitoyi imagwiridwa ndi mapulogalamu awiri. Lexer imadula chiganizo kukhala mawu, pomwe parser imaona ngati mawuwo atsatira malamulo a galamala. Mapulogalamuwa sitiwalemba pamanja: timalemba malamulo, ndipo zida zina zimatipangira. Lex inalembedwa ndi Mike Lesk ndi Eric Schmidt mu 1975 ku Bell Labs, komwenso Stephen Johnson analembera Yacc. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito Flex ndi Bison.

Tiyeni titenge chiganizo ichi: "Mlimi wagulitsa mabelo 12." Sikokwanira kuti lexer ingonena kuti "mlimi" ndi dzina. Iyenera kuperekanso gulu lake, la Mu-A, kuti parser ivomereze "wagulitsa" ndi kukana "chagulitsa". Uthengawu umaikidwa m'kabokosi kotchedwa yylval, ndipo kapangidwe ka kabokosiko ndi YYSTYPE. Imeneyi ndiyo tikiti yathu.

Tikapanda kunena kanthu, Bison imayesa kuti kabokosiko kamasunga nambala yokha. Zimenezi zikwanira 12, koma osati "mlimi". Choncho timalemba %union m'fayilo ya parser, n'kutchulamo zonse: nambala, kapena mawu pamodzi ndi gulu lake. Kenaka timalamula Bison ndi -d kuti itulutse fayilo ya header, yomwe lexer imailowetsa ndi #include. Motero mbali ziwirizi zimawerenga tikiti imodzi.

Pali misampha iwiri. Woyamba, ngati tapanga mtundu wathuwathu wosunga dzina ndi gulu, tanthauzo lake liyenera kuwerengedwa %union isanafike. Mu Bison timaliika mu %code requires. Wachiwiri, lexer imasunga mawu mu yytext kwa kanthawi kochepa chabe. Tikapanda kuwakopera, parser ingapeze mawu ena pamalo pa "mlimi".

Phunziro kwa ife a zilankhulo ndi lakuti tisanalembe lamulo lililonse, tigwirizane zomwe liwu lililonse lidzanyamule. Gulu la dzina likasowa pa tikiti, kompyuta idzavomereza Chichewa chomwe mwana wa Sitandade 1 angachiseke.