Phunziro limodzi kaye, digiri pambuyo

Mphunzitsi wa ku Mandimba kapena mlangizi wa zaulimi wa ku Lago amene anamaliza licenciatura (digiri yoyamba) sasowa nzeru zochitira mestrado (digiri yachiwiri). Chimene amasowa ndi ndalama ndi nthawi yoti adzipereke zaka ziwiri zathunthu, pomwe banja likuyang'ana malipiro ake. Masukulu aukachenjede a m'chigawo cha Niassa ayenera kumutsegulira khomo lina loti atenge phunziro limodzi kapena awiri a mestrado asanalembetse digiri yonse, ndipo akakhoza, zimene wakhozazo adzamuwerengere tsiku limene adzalowe mokwanira.

Maziko a zimenezi alipo kale. Mu 2010 boma la Mozambique linakhazikitsa SNATCA, dongosolo loyeza maphunziro apamwamba ndi makirediti, pomwe kirediti imodzi imaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira. Cholinga chake n'chakuti munthu athe kusonkhanitsa zimene waphunzira ndi kupita nazo ku sukulu ina. Masukulu nawonso alipo: UniRovuma, imene inatuluka mu Universidade Pedagógica mu 2019, ili ndi nthambi ku Lichinga, Universidade Católica de Moçambique imaphunzitsa ku Lichinga ndi ku Cuamba, UniLúrio ili ndi sukulu ya zaulimi ku Unango. Ngati kirediti imatha kusungidwa ndi kusamutsidwa, palibe chifukwa chomveka choti iziyamba kuwerengedwa pokhapokha munthu atalipira chaka chathunthu. Ku Portugal lamulo limalola munthu kulembetsa phunziro palokha, ndipo zotsatira zake zimawerengedwa akadzalowa digiri, ngakhale pali malire a kuchuluka kwake.

Ena akuopa kuti njirayi itsitsa ulemerero wa mestrado, popeza anthu adzalowera kuseri osasankhidwa. Koma wolowa motereyu amakhala m'kalasi imodzi ndi anzake, amalemba mayeso omwewo, ndipo aphunzitsi amamuona miyezi ingapo asanagamule zomulandira. Umboni umenewo ndi wolimba kuposa mapepala a zaka khumi zapitazo. Nkhawa yoyenera kuimvetsera kwambiri ndi ina, yoti sukulu ingasandutse maphunziro oterewa msika, n'kumatolera ma metical kwa anthu amene sidzawalandira. Apa m'pofunika malamulo olembedwa poyera: maphunziro angati amene munthu angatenge, makirediti ake akhala ndi mphamvu zaka zingati, ndiponso mawu osabisa oti kukhoza phunziro sikulonjeza malo. Wophunzira naye asalipire asanalandire kalata yonena zimenezi, ndipo afunse ngati pulogalamuyo inavomerezedwa ndi CNAQ, bungwe loona za ubwino wa maphunziro apamwamba.

Niassa ndi chigawo chachikulu kuposa zonse m'dziko, ndipo akatswiri ake ndi omwazikana m'maboma atalitali. Kuwauza kuti asankhe pakati pa ntchito ndi sukulu ndi kuwataya, kapena kuwakankhira ku Nampula ndi ku Maputo komwe ena sabwerako. Akuluakulu a masukulu atatuwa ali ndi mphamvu yokonza njirayi m'malamulo awo, ndipo ayenera kutero.